Sukulu ya Pakhonde: Mbiri ya Patitayimu wa Mabuku ku Mzimba

Munthu akafika pa Boma la Mzimba nthawi ya holide, kapena akaima pa Jenda ndi pa Embangweni Loweruka m'mawa, sangalephere kuona anyamata ndi atsikana osavala yunifolomu atapanira makope m'khwapa, akulowera kuseri kwa masitolo, m'matchalitchi ang'onoang'ono ndi m'nyumba za aphunzitsi. Mukawafunsa komwe akupita yankho lake limakhala limodzi: ku patitayimu. Ambiri amakathandizidwa masamu ndi sayansi, komabe alipo ena ndithu amene amapita kukazukuta mabuku a nkhani, ndakatulo ndi zisudzo zomwe zimafunsidwa pa mayeso a Fomu 4. Ntchito yothandiza ana kuzukuta mabukuyi ndinaigwira pakhonde pa nyumba yanga kwa zaka zoposa 20, ndipo ndisanaigwire ndinali nditaphunzitsidwapo ineyo pakhonde pa munthu wina. Anthu ambiri amaganiza kuti patitayimu anabwera ndi matipate m'chaka cha 1994. Ine ndikuti mizu yake kwathu kuno ndi yakale kwambiri. Nthawi iliyonse imene sukulu yatseka khomo lina pamaso pa mwana wa ku Mzimba, mwanayo wakhala akuthawira pakhonde pa mphunzitsi. Mbiri imeneyi ndi yomwe ndikufuna kufotokoza, zokoma zake ndi zochititsa manyazi zomwe.

Kuwerenga kunafika m'dziko la Inkosi M'mbelwa kudzera ku mishoni ya Livingstonia. M'chaka cha 1882 William Koyi, mlaliki wochokera ku Lovedale m'dziko la South Africa, anakhazikika pa Njuyu, ndipo m'chaka cha 1885 kunabwera Dr Walter Angus Elmslie. Mafumu a Angoni sanalole msanga kuti sukulu zitsegulidwe poopa kuti anyamata akazolowera buku adzaiwala chishango ndi mkondo. Chilolezo chinaperekedwa m'chaka cha 1886. Koma chisanaperekedwe, anyamata ena, mmodzi mwa iwo ali Mawelera Tembo, ankazemba usiku n'kupita kunyumba ya amishoni kukaphunzira kuwerenga mobisa. Choncho ophunzira oyamba a m'boma lino sanayambire m'kalasi ayi. Anayambira kunyumba kwa mphunzitsi, paokha, nthawi imene sukulu inali yoletsedwa.

Kuno kummwera zinthu zinasintha m'chaka cha 1902 pamene Donald Fraser anachoka ku Hora n'kudzatsegula mishoni ya Loudon pa Embangweni, pomwe anakhala mpaka 1925. Fraser ankalimbikitsa Akhristu kuti azipeka nyimbo zawozawo potengera mayimbidwe a Chingoni ndi Chitumbuka, ndipo pamisonkhano ikuluikulu ya chaka ndi chaka pankakhala mpikisano wa nyimbo zatsopano. Peter Thole, Charles Chinula ndi Mawelera Tembo yemwe uja ndi ena mwa anthu amene nyimbo zawo zinalowa m'buku la Sumu za Ukhristu. Agogo anga aamuna anali mphunzitsi wa sukulu ya m'mudzi m'zaka zimenezo. Iwo ankatiuza kuti munthu asanapite ndi nyimbo yake ku Loudon ankayamba waionetsa kwa mphunzitsi wamkulu wa m'dera lake. Awiriwo ankakhala pansi madzulo n'kumayesa liwu lililonse: ili likutsamwitsa woimba, ili likubwereza zomwe zanenedwa kale, fanizo ili silikugwirizana ndi uthenga. Masiku ano m'kalasi timati kuzukuta ndakatulo. Iwo analibe dzina lake, koma ntchito inali yomweyo.

M'badwo umenewu sunalekere pa nyimbo. Chinula, amene anaphunzitsapo pa Loudon ndipo anadzozedwa ubusa m'chaka cha 1925, anamasulira m'Chitumbuka buku la John Bunyan lotchedwa Pilgrim's Progress. Atasiyana ndi amishoni m'zaka za m'ma 1930 anayambitsa mpingo ndi sukulu yakeyake pa Sazu. Naye Yesaya Chibambo wa ku Ekwendeni anatulutsa Makani gha baNgoni m'chaka cha 1932. Mwana wa ku Mzimba wa nthawi imeneyo anali ndi mwayi wowerenga nkhani yaitali ndi mbiri ya makolo ake m'chiyankhulo chomwe ankamva kumphero ndi kudimba. Boma la atsamunda linayesa m'zaka zomwezo kuti sukulu zonse za m'Nyasaland ziziphunzitsa m'Chinyanja, koma a ku Livingstonia anakanitsitsa, ndipo pofika 1947 Chitumbuka chinali chitavomerezedwa pamodzi ndi Chinyanja.

Khomo lomwe linali lotseka nthawi imeneyo linali la sekondale. Blantyre Secondary School inatsegulidwa m'chaka cha 1940, ya Akatolika ku Zomba mu 1942, ya ku Dedza mu 1951, ndipo ya boma ku Mzuzu inadikira mpaka 1959. Malo anali ochepa zedi poyerekeza ndi chiwerengero cha ana omaliza pulayimale m'sukulu za mishoni zomwe zinali ponseponse kumpoto. Otsalawo, makamaka aphunzitsi ndi makalaliki, ankalembetsa maphunziro a m'makalata kusukulu zakunja monga Wolsey Hall ya ku Oxford ndi Rapid Results College. Mmodzi mwa anthu amene anakwera makwerero amenewa ndi D.D. Phiri, yemwe anabadwira m'boma la Mzimba m'chaka cha 1931 ndipo anapeza digiri ya yunivesite ya London powerenga payekha. Iye analemba sewero la The Chief's Bride, mbiri ya Chinula mu 1975 ndi From Nguni to Ngoni mu 1982. M'chaka cha 1976 anatsegula Aggrey Memorial School ku Blantyre kuti Amalawi ena aphunzire m'makalata monga anachitira iye. Anamwalira m'chaka cha 2019. Boma nalo linali litatsegula Malawi Correspondence College mu 1965. Komatu kalata siyankha funso pompopompo. Munthu akakakamira pa chiganizo cha Shakespeare sakanadikira mwezi wathunthu kuti positi ibwere. Ankanyamula buku lake n'kupita kwa aliyense wa m'deralo amene anafikapo ku Khondowe. Kulipira munthu kuti akumasulire buku kunayamba motero.

Nkhani yanga ikulowera apa. Ndinabadwira m'mudzi wina kufupi ndi Embangweni m'chaka cha 1956, ndipo ndinali Sitandade 5 m'chaka cha 1968 pamene msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress Party unagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndipo chikhale chiyankhulo cha fuko lonse. Chitumbuka chinachotsedwa pawailesi ndi m'sukulu. Mabuku amene tinakula nawo anasowa m'makabati, m'malo mwake munabwera a chiyankhulo chomwe ambiri a ife tinkangochimva kwa ogula fodya ndi apolisi. Aphunzitsi athu enieniwo chinkawapinda lilime. Koma mayeso a Sitandade 8 sankafunsa kuti kwanu mumayankhula chiyani.

Adada anali ku Joni, kumigodi. Tsiku lina amama anandigwira padzanja, atasenza lichero la skawa, monga timatchulira mtedza kwathu, nkhuku ili m'khwapa mwanga. Tinapita kwa aphunzitsi ena opuma pantchito amene anagwirapo ntchito zaka zambiri ku Kasungu ndi ku Dowa. Amama anagwada potero nati, “Asambizgi, mwana uyu ndi wanu. Adada ake kulibe. Chichewachi chimugwetsa.” Mkuluyo anandiyang'ana nthawi yaitali kenaka anati, “Yewo, amama. Azibwera dzuwa likapendeka, mbuzi atatsekera.” Mtengo sunatchulidwe. Amene anali ndi chimanga ankapereka chimanga, amene analibe ankapalira m'munda mwawo tsiku limodzi, ndipo panali ana awiri amasiye amene sankapereka kalikonse.

Tinalipo ana 7, buku linali limodzi: Nthondo, lolembedwa ndi Samuel Josia Ntara, lomwe linatuluka m'chaka cha 1933 litapambana mpikisano wa olemba m'ziyankhulo za mu Africa, ndipo T. Cullen Young, mmishoni wa Livingstonia, analimasulira m'Chingerezi mu 1934 pa mutu woti Man of Africa. Kaphunzitsidwe kawo kanali kosavuta. Mwana mmodzi ankawerenga tsamba mokweza. Akamaliza, buku linkatsekedwa, wina n'kufotokoza zomwe zachitika m'Chitumbuka, ngati mmene agogo aakazi ankatisimbira vidokoni pamoto. Kenaka mafunso ankayamba, ndipo onse ankayamba ndi mawu oti “chifukwa chiyani”. Titafika pomwe Nthondo akuchoka kwawo kukasaka ntchito kutali, mkuluyo analoza ine. “Iwe mnyamata, adada ako ali kuti?” Ndinati, “Ku Joni, asambizgi.” Iwo anati, “Nanga akadzabwera adzakhala munthu yemwe uja anapita? Chimene chimamusintha munthu paulendo n'chiyani?” Ndinalibe yankho. Koma usiku umenewo ndinagona ndikuganiza za adada, ndipo ndinazindikira kuti buku la Mchewa wa ku Chigawo cha Pakati linkanena za pakhomo pathu. Chichewa chomwe ndikulemberachi ndinachiphunzira pakhonde pamenepo, kudzera m'Chitumbuka chomwe m'kalasi chinali choletsedwa.

Ndinasankhidwa kupita kusekondale, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndinakachita maphunziro a uphunzitsi ku Chancellor College ku Zomba. Kumeneko ndinapeza gulu la alembi lotchedwa Writers Group, lomwe linayamba m'chaka cha 1970. Mwa oliyambitsa munali Jack Mapanje ndi Lupenga Mphande, mwana wa kwathu ku Thoza. Mlungu uliwonse munthu ankawerenga ndakatulo yake, anzake n'kuisenda ngati chinangwa. Koma inali nthawi ya mantha. Lamulo lounika mabuku ndi zisudzo la 1968 linapatsa boma mphamvu yoletsa buku lililonse, ndipo alakatuli anaphunzira kubisa uthenga m'zining'a ndi m'nthano za nyama. Mapanje anatulutsa Of Chameleons and Gods mu 1981, anamangidwa mu September 1987, n'kukhala kundende ya Mikuyu osazengedwa mlandu mpaka May 1991. Mphunzitsi wa mabuku wa zaka zimenezo ankadziwa malire ake. Ukamaphunzitsa sewero lonena za mfumu yankhanza sunkafunsa ana kuti mfumuyo ikufanana ndi yani, pakuti makoma a kalasi anali ndi makutu. Tinkaphunzitsa mayina a ampangankhani, malo ndi nthawi, tsatanetsatane wa nkhani, basi. Funso lija loti “chifukwa chiyani” tinkalimeza.

Zinthu ziwiri zinachitika motsatizana zomwe, m'kuona kwanga, zinabala patitayimu amene tikumudziwa lero ku Mzimba. Choyamba chinali ndondomeko ya kota, yomwe inayamba m'chaka cha 1987, yosankhira ophunzira ku Yunivesite ya Malawi potengera boma lomwe akuchokera. Mzimba ndi boma lalikulu kuposa onse m'dziko muno ndipo ana okhoza bwino anali ambiri, kotero mwana wa mapointi abwino ankatha kutsala pamene mnzake wa boma lina wa mapointi ochuluka akupita. Njira yokhayo inali kulembanso mayeso kuti mapointi atsike. Chachiwiri chinali lamulo la 1989 loti aphunzitsi onse ochokera kumpoto abwerere kuchigawo chawo, ati chifukwa ankaphunzitsa mwachinyengo ana a zigawo zina. Ine ndinali ndikuphunzitsa pasekondale ina m'Chigawo cha Pakati. Tinakwezedwa malole pamodzi ndi mipando, mapoto ndi ana athu. Titafika kuno tinapezeka kuti pasukulu imodzi aphunzitsi a Chingerezi tilipo ochuluka kuposa makalasi. Mbali imodzi panali aphunzitsi odziwa ntchito, a nthawi yambiri koma malipiro ochepa. Mbali inayo panali ana ofuna kubwereza mayeso amene analibe malo m'sukulu. Magulu awiriwa sanachedwe kupezana.

Ndinayamba ndi ana 4 pakhonde pa nyumba ya lendi pa Boma. Onse ankafuna chinthu chimodzi: kutsitsa giredi ya Chingerezi. Pa mayeso a MSCE, omwe bungwe la MANEB lakhala likuyendetsa chikhazikitsidwire mu 1987, magiredi amayambira 1 kulekeza 9, ndipo wolephera Chingerezi salandira satifiketi ngakhale atakhoza bwanji maphunziro ena. Mabuku osankhidwa ndiwo ankagwetsa ambiri, makamaka a Shakespeare. Ndinabwerera ku njira ya aphunzitsi anga aja: kuwerenga mokweza, kutseka buku, kusimba m'Chitumbuka, kenaka mafunso. M'zaka zomwe tinali ndi Macbeth, ndinkawafunsa kuti mwambo wa Chingoni umati chiyani za munthu wopha inkosi imene yagona m'nyumba mwake ngati mlendo, ndiponso ngati mawu a ng'anga amamukakamiza munthu kuchita choipa kapena amangodzutsa zomwe zinali kale mumtima. Pa Romeo and Juliet sindinkavutika n'komwe. Mwana aliyense wa ku Mzimba amadziwa za kusomphola, amadziwa mabanja amene sadyerana chifukwa cha mlandu wa ng'ombe za malobolo womwe oyambitsa ake anafa kalekale. Akamvetsa m'chiyankhulo chawo, kulemba chimangirizo m'Chingerezi kunkatsala ntchito yongosoka. Pakhonde tinkayankhulanso momasukirapo kusiyana ndi m'kalasi, ngakhale kuti funso lina ndinkangolisiya m'malere kuti aliyense akaliyankhe yekha mumtima.

Matipate atabwera, zina zinamasuka. Khothi lalikulu linali litathetsa kale kota mu 1993, ndipo Chitumbuka chinabwerera pawailesi ya MBC mu 1994. Patapita zaka, ana anayamba kufunsidwa pa mayeso buku la Tiyambe Zeleza la Smouldering Charcoal, lomwe linatuluka mu 1992 ndipo limakamba za umphawi, sitiraka ndi kumangidwa popanda mlandu. Linabweranso The Unsung Song la mu 2001, lomwe anasonkhanitsa ndi Reuben Chirambo, Max Iphani ndi Zondiwe Mbano. Nkhani zomwe tinkanong'onezana zinasanduka mafunso a mayeso. Ndikukumbuka tsiku lomwe ndinawerenga ndi ana gawo la kundende m'buku la Zeleza, mtsikana wina n'kuimika dzanja nati, “Asambizgi, asibweni anga anatengedwa chonchi.” Tsiku limenelo sitinalembe kalikonse, koma palibe phunziro lomwe ana aja analigwira kuposa limenelo.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. M'chaka chomwecho cha 1994 boma linathetsa fizi kupulayimale, ndipo chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Aphunzitsi zikwizikwi analembedwa ntchito asanaphunzitsidwe. Kwacha inagwa mphamvu, malipiro a aphunzitsi n'kusanduka a masiku ochepa. Mu 1998 malo ophunzirira a m'makalata aja anasandutsidwa masekondale oyendera a m'madera, ma CDSS, ambiri opanda laibulale ndipo aphunzitsi ake ali ophunzitsidwira kupulayimale. M'masukulu ena a kumidzi omwe ndinayenderako cha ku Manyamula, ku Mabiri ndi ku Luwerezi, buku losankhidwa linkakhala limodzi, la mphunzitsi, kalasi yonse n'kumangomvetsera. Nthawi yomweyo anyamata a m'boma lino anayamba kukhamukira ku South Africa kuposa kale, osati kumigodi monga adada, koma kukagwira ntchito m'nyumba, m'minda yamaluwa ndi m'masitolo. Ndalama za ku Joni zinamanga nyumba zamalata, zinalipiranso patitayimu. Nkhuku ndi skawa zinatha ntchito. Patitayimu anakhala ndi mtengo wake pamwezi, wolipiriratu.

Apa m'pamene panabadwira pamfuleti. Mphunzitsi ankalemba chidule cha buku lonse m'masamba ochepa, mndandanda wa ampangankhani ndi makhalidwe awo, mfundo zikuluzikulu, zipangizo zomwe mlembi wagwiritsa ntchito, ndi mayankho a mafunso a zaka zam'mbuyo. Ankapita nazo pa fotokope n'kumagulitsa. Pamfuleti inali yotchipa kuposa buku, yopepuka kuloweza, ndipo inkakhozetsa. Sindikuloza ena chala chifukwa nanenso ndinalemba yanga. Ana pakhonde panga anali atakwana 40, sakanatha kuwerenga mokweza mmodzimmodzi, ndipo ine ndinali ndi ana anga kusukulu ofuna fizi. Kusimba m'Chitumbuka kuja ndinakusiya poti kunkadya nthawi. Ndinayamba kulembetsa manotsi. Ndinayambanso kubweza ana amene sanalipire, chinthu chimene aphunzitsi anga aja sanachitepo ndi tsiku limodzi lomwe. Ena mwa anzathu anafika poipitsitsa: m'kalasi m'mawa ankaphunzitsa mwapatalipatali, zenizeni n'kusungira olipira masana. Unduna wa zamaphunziro wachenjezapo kangapo za mchitidwe wolipiritsa ana a sukulu yako yomwe, koma chenjezo silidzaza m'mimba mwa mphunzitsi ndipo siligula buku.

Amene ananditsegula maso ndi mnyamata wina amene ndinakumana naye pa Jenda akudikira basi ya ku Johannesburg, patapita zaka zingapo atalemba mayeso. Anandithokoza kwambiri poti anapeza giredi 3 pa Chingerezi. Pofuna kundisangalatsa, anayamba kulakatula makhalidwe a Mchere ndi a Chola, ampangankhani a m'buku la Zeleza, ndipo ndinazindikira kuti akunena ziganizo zanga zenizeni za m'pamfuleti, osaphonya ndi liwu limodzi. Ndinamufunsa kuti ndi gawo liti la bukulo limene linamukhudza mtima. Iye anaseka mwamanyazi nati, “Adada, kunena zoona bukulo sindinaligwirepo. Pamfuleti yanu inali yokwanira.” Basi itanyamuka ndinatsala nditaima pamsewu. Mnyamata uja ankapita ulendo womwewo wa adada anga, womwewonso wa Nthondo, koma ine sindinamufunsepo funso lomwe ndinafunsidwa ndili mwana. Ndinamugulitsa giredi, buku ndinamumana.

Vutoli si la kwathu kokha. M'chaka cha 1999 katswiri wa zamaphunziro Mark Bray analembera bungwe la UNESCO buku lomwe anatcha maphunziro oterewa kuti ndi a mthunzi, kutanthauza kuti amatsata sukulu ya boma monga mthunzi utsatira munthu: silabasi ikasintha nawo amasintha, mayeso akalimba nawo amakula. Ku South Korea boma linaletsa patitayimu mu 1980, koma anthu anapitiriza mobisa mpaka khothi linachotsa chiletsocho m'chaka cha 2000. Phunziro lake ndi loti mthunzi suthamangitsidwa ndi ndodo. Kwathu kuno umboni ulipo. Kota itabwereranso mu 2009, makonde anadzazanso ndi obwereza mayeso mpaka pamene inathetsedwa mu 2020. M'chaka chomwecho sukulu zinatsekedwa pa 23 March chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo kwa miyezi ingapo patitayimu ndiye anali sukulu yokhayo kwa amene makolo awo akanatha kulipira. Mu November mayeso a MSCE anaimitsidwa mapepala atabedwa, ana n'kulembanso mu January 2021. Kuyambira nthawi imeneyo pamfuleti inasamukira pafoni. Manotsi amayenda pa WhatsApp, ndipo mwana wa ku Edingeni angathe kulandira chidule cha The Pearl, buku la John Steinbeck, kuchokera kwa munthu amene sanamuonepo nkhope.

Ndikaunika zaka zonsezi, kuchokera kwa anyamata ozemba usiku pa Njuyu kufika pa foni za lero, ndikuona kuti patitayimu wa mabuku wakhala ndi nkhope ziwiri. Pamene anali malo oti mwana agwire buku ndi manja ake, alimve m'chiyankhulo chake, afunsidwe funso lomukhudza, anapereka chinthu chomwe kalasi inkalephera kupereka. Pamene anasanduka msika wa mayankho, anangokulitsa mpata pakati pa mwana wa ku Joni ndi mwana wa mlimi, ndipo onse awiri anatuluka osawerenga. Cholakwa sichili pa kulipira kokha, pakuti wogwira ntchito ayenera kudya. Chili pa zomwe zikugulitsidwazo. Makolo amene mukulipira mwezi ndi mwezi, mufunseni mwana wanu ngati buku lenilenilo analiona, ndipo akusimbireni nkhani yake m'Chitumbuka inu mukusenda chimanga. Akalephera, dziwani kuti mwagula pepala. Anzanga alembi, ifenso tili ndi ngongole. Timadandaula kuti Amalawi sawerenga, koma mabuku athu sapezeka pa Jenda, pa Embangweni ngakhale pa Boma pamtengo woti mlimi angakwanitse, ndipo Chitumbuka chomwe Chinula ndi Chibambo analembamo mabuku sichilembedwa pa mayeso a Fomu 4.

Ine ndinapuma pantchito, maso nawo ayamba kuchita chidima. Pamfuleti yanga ndinasiya kusindikiza chaka chomwe ndinakumana ndi mnyamata uja. Ana akubwerabe pakhonde, koma sindilandira oposa 8, ndipo mtengo sinditchula. Lamulo ndi limodzi: buku likhalepo, ngakhale lobwereka, ngakhale long'ambika chikuto. Mmodzi amawerenga mokweza, timatseka, wina amasimba, kenaka timafunsana. Ena amabwera kawiri n'kusiya, ati njira yanga ndi yochedwetsa, ndipo sindiwaimba mlandu chifukwa mayeso sadikira. Amene amatsala ndimawabwereka Nthondo yemwe aphunzitsi anga anandisiyira asanamwalire, masamba ake atafiira ndi utsi, ndipo ndimawauza kuti abweze pakatha milungu iwiri popeza pali mnzawo amene akudikira.